Magazi a Papa Ilunga

Chaka choyamba ku Karonga

Ana anga, za ubwana wanga ku Dedza ndidakuuzani kambirimbiri mpaka mumandimalizira nokha, ndiye pano sindibwereza. Ndiyambira tsiku limene ndinatsika basi ku Karonga nditavala jekete laubweya, kalata ya ntchito ili m'thumba. Ine mwana wa kumapiri ndinkayesa kuti Malawi yense amazizira m'mawa. Kalanga ine! Pofika pachipatala chimene ananditumiza, chakufupi ndi malire a Songwe, malaya anali atamatirira kumsana, ndipo mlonda wa pageti anandifunsa ngati ndabwera kudzagonekedwa. Ndinati ayi, ndine woyeza magazi watsopano. Anaseka mpaka kutsamira geti, kenako anakuwa kuti, "A Labu afika!" Dzina langa lenileni linathera pomwepo. Zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko ndinali a Labu, ndipo ngakhale mayi anu akapsa mtima ankandiitana choncho.

Labu yakeyo inali chipinda chimodzi: tebulo, maikulosikopu, sinki yodontha ndi furiji yosungira magazi. Zosowa zinali zambiri kuposa zopezeka. Magolovesi akabwera, thonje latha; thonje likabwera, magetsi azima, ine n'kumathamanga kukanyengerera wa jenereta kuti magazi asawonongeke. Koma chinthu choopsa pachipatala chonsecho sanali magetsi. Anali Matironi NyaGondwe, mayi wamfupi wa ku Mwenilondo amene ankayenda ndi kiyi wa furiji pachingwe m'khosi. Anthu ankati ngakhale posamba sankamuvula. Lamulo lawo linali limodzi: thumba la magazi silituluka m'furiji pokhapokha wachibale wa wodwala atapereka lina lobwezera. Sikunali kuuma mtima. Chaka china ndisanafike, furiji idatsala yopanda kanthu chifukwa chongopereka mwachifundo, ndipo mayi wina wobereka adamwalira iwo akuona. Kuyambira pamenepo ankangoti, "Yayi, a Labu. M'bale kaye, kiyi pambuyo."

Kwa anthu a m'midzi yozungulira lamuloli silinkavuta. Munkhonde akadwala, mudzi wonse umabwera, ena atanyamula nthochi, ena mpunga, ndipo pamafunika kuchita kuwabweza. Vuto linali la alendo. Chipatala cha pamalire chimalandira anthu amene dziko lawo lili kutali: oyendetsa magalimoto akuluakulu, amalonda a ku Mbeya, othawa nkhondo a ku Kongo ndi ku Burundi, anyamata a ku Itiyopiya olowera ku Joni. Munthu wotere akafuna magazi, m'bale amupeza kuti?

Zaka zambiri pambuyo pake, nyengo yokolola mpunga

Pa nthawiyi tinali titalandira tizipangizo tatsopano toyezera matenda a chiwindi a mtundu wa C, amene m'mabuku timati hepataitisi C. Magazi alionse operekedwa tinkawayeza matenda angapo, ndipo awa anali atangowonjezedwa. Kachilombo kake kamayenda m'magazi: singano yobayira anthu ambiri, lezala lobwerekana, kapena magazi osayeza. Mankhwala ake kunalibe kumene tikanawapeza. Choncho ife oyeza magazi tinali ndi kachizolowezi kathu, kosalembedwa paliponse. Munthu akapezeka nako, tinkangomuuza kuti, "Magazi anu ndi ochepa, mukadye masamba ambiri." Iye n'kumapita akuthokoza. Tinkati kumuuza munthu za matenda opanda mankhwala n'kumusenzetsa katundu wopanda kotulira.

M'mawa wina anabweretsa mtsikana wa ku Burundi amene anaberekera m'galimoto yonyamula katundu. Mwana anali bwinobwino, koma mayi magazi anali atataya ochuluka, milomo ili mbuu. Woyendetsa galimoto anangomusiya pageti n'kubwerera ku katundu wake. M'furiji munali thumba logwirizana naye, koma Matironi anagwira kiyi uja n'kufunsa kuti m'bale ali kuti. Tili mkati mokangana, analowa bambo wina wamtali, wamimba pang'ono, malaya amaluwamaluwa, tepi yoyezera zovala ili m'khosi.

"Ine mchimwene wake," anatero, akupinda kale mkono wa malaya. "Tenga damu, tenga magazi."

Matironi anamuyang'ana kuyambira kunsapato. "Mlongo wanuyo dzina lake ndani?"

Bamboyo anaganiza pang'ono. "Mama, tinasiyana tili ang'onoang'ono."

Ine ndinatsokomola kuti ndibise kuseka. Matironi sanaseke, koma anandikodola ndi chibwano kuti ndiyambe. Pa changu chotere tinkayamba kutenga magazi, kuyeza pambuyo. Thumba litadzaza n'kuliika patebulo, kiyi anatuluka m'khosi, ndipo mtsikana uja analandira magazi a m'furiji. Anachira, patapita sabata ananyamuka ndi mwana wake.

Bamboyo anali Papa Ilunga, telala wa pa Songwe. Anabadwira ku Kongo, anakhalako ku Burundi, ku Kigoma ndi ku Mbeya, ndipo kulikonse ankatolako chilankhulo pang'ono n'kuchisakaniza ndi chinzake. Chichewa chake chinalibe "inu". Aliyense anali "iwe", kaya ndi wapolisi kaya m'busa. Ine ankanditcha kaka, ndiye kuti mkulu wake, ngakhale iye ndiye anali wamkulu kwa ine. Atamwa fanta imene tinkapatsa opereka magazi, anandigwira dzanja n'kunena kuti munthu wina aliyense wopanda m'bale akadzabwera, ndidzangotumiza uthenga kushopu.

Atachoka ndinayeza magazi ake. Zina zonse zinali bwino, koma pa kachipangizo ka mtundu wa C panatuluka mizere iwiri. Ndinabwereza ndi kena, mizere iwiri yomweyo. Ndinamata thumbalo ndi pulasitala yofiira, ndipo masana ndinapita nalo ndekha kung'anjo yotenthera zinyalala za chipatala.

Apa mvetsetsani bwino, chifukwa ndi pamene bambo anu analakwa. Patapita miyezi inayi anabweretsa mnyamata wa ku Itiyopiya, wowonda ngati bango, malungo atamumaliza magazi. Anzake anali atamusiya panjira. Ndinayenera kufuna njira ina, koma ndinatumiza wakabaza ku Songwe. Papa Ilunga anafika thukuta lili kamukamu, akukuwa kuyambira pageti kuti mng'ono wake ali kuti. Matironi anayang'ana mnyamata uja, anayang'ana mimba ya telala, n'kunena kuti, "Nadi, uyunso ndi m'bale wanu?"

"Mama, bambo athu anali woyendayenda kwambiri."

Ulendo uno ngakhale Matironi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedera. Ndinatenga magazi ndikudziwa kuti ndikawatentha. Kiyi anatuluka, mnyamata anachira. Ndipo ine ndinaona kuti ndapeza njira. Kwa zaka zisanu Papa Ilunga anakhala mchimwene wa Msomali, wa Mrwanda, wa Myao wa ku Mangochi amene galimoto inamugwera, ndi wa mayi wina wa ku Zambia amene anachita kumukana poyera kuti samudziwa. Anabwera kakhumi ndi kawiri. Matumba khumi ndi awiri, pa nthawi imene matumba opanda kanthu ankasowa, ndinawatentha ndi manja angawa. Anthu khumi ndi awiri analandira magazi abwino a m'furiji chifukwa cha iye, koma dontho lake ngakhale limodzi silinalowe mwa munthu.

Iye sankadziwa. Ankayenda pa Songwe chifuwa chili patsogolo, akuuza makasitomala kuti magazi ake afika ku Joni mwini wake asanafikeko. Tinakhala mabwenzi enieni. Mayunifolomu anu a sukulu ankasoka ndi iyeyo, ndipo iwe Chisomo uyenera kukumbukira diresi lako la ubatizo, lija lokhala ndi mapewa otukumuka limene unalilira kuti sulifuna. Loweruka masana ndikaweruka tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa shopu yake, tikudya mbalaga, nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe zimene ndinayamba ndazinyoza kenako n'kuzikonda kuposa eni ake. Iye ankati mowa umabwezeretsa damu. Ine, munthu wophunzira za chiwindi, ndinkaseka n'kumuitanitsira botolo lina.

Chaka chachisanu chidziwire Papa Ilunga, mvula itayamba

Anatiitana ku maphunziro a masiku atatu ku Mzuzu. Ine maphunziro otere ndinkawakondera tiyi wa mkaka ndi kuzizira kwa kumeneko, sindikubisirani. Koma tsiku lachiwiri dokotala wina wachitsikana, msinkhu wa iwe Mphatso, anaima kutsogolo n'kuyamba kufotokoza za mtundu wa C. Anati kachilomboka kamakhala phee zaka zambirimbiri, munthu akudya, akuvina, akugwira ntchito, uku chiwindi chikuuma pang'onopang'ono. Podzatupa mimba ndi kuchita chikasu m'maso, nthawi imakhala itatha. Anati mowa umafulumizitsa zonsezi. Anatinso anthu oyendayenda ndi amene amaphonyedwa kwambiri, chifukwa amabayitsa jakisoni paliponse pamene adwalira, buku la kuchipatala alibe, ndipo akayezedwa pano, zotsatira zimatuluka iwo ali kale dziko lina. Kenako ananena chimene sindinkayembekezera: tsopano kunabwera mapiritsi, omwa miyezi itatu, ochiza kachilomboka kotheratu, ndipo anayamba kupezeka m'zipatala zazikulu.

"Ndifunse," anatero dokotala uja. "Opereka magazi amene mumawapeza nako, mumawauza?"

Amuna akuluakulu a imvi, aliyense anapeza chochita ndi cholembera chake. Ine ndinkayang'ana kapu yanga ya tiyi, ndipo tsiku limenelo sindinaimalize.

Nditabwerera, Loweruka lomwelo, Papa Ilunga anandilandira ndi nkhani yake. Mng'ono wake weniweni, wa bere limodzi, amene anasiyana naye pothawa nkhondo, anapezeka ku Nampula, ku Mozambiki. Mvula ikangotha, anati, apakira makina ake n'kupita. Ankavina pofotokoza. Ine ndinamuyamikira, ndinadya mbalaga yosamveka kukoma, n'kubwerera kunyumba osanena kanthu.

Mayi anu anaona kuti sindili bwino, ndipo mukuwadziwa, safunsa kawiri. Nditawafotokozera zonse anaika pansi lichero n'kundiyang'ana. "Ndiye zaka zonsezi munthu uja mumamukama ngati ng'ombe, mkaka n'kumakataya?" Ndinati ndinkapulumutsa alendo. Anati, "Iyeyo si mlendo?" Ndinakwiya, ndinatuluka panja, ndinazungulira nyumba kawiri, n'kubwereranso m'nyumba.

Chimene chinkandivuta chinali ichi. Ndikamuuza, alendo atsala opanda mchimwene, ubwenzi wathu mwina utha, ndipo Matironi akadziwa kuti ndakhala ndikuwapusitsa, ntchito ikhoza kundithera nditatsala pang'ono kupuma. Ndikapanda kumuuza, apita ku Nampula akuvina, ndipo tsiku lina adzatupa mimba pakati pa anthu osadziwa chimene chikumudya. Lolemba m'mawa ndinagogoda pa ofesi ya Matironi.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anavula magalasi. "A Labu, mukuyesa ine ndilibe maso? Telala akabwera m'mawa, masana inu muli kung'anjo nokhanokha, munthu amene ngakhale pepala la pansi simutola. Ndinadziwa ulendo wachiwiri."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Chifukwa nanenso ndinkafuna pothawira lamulo langa lomwe." Anaseweretsa kiyi uja. "Tonse tadyapo pa munthu ameneyu. Pitani mukamuuze. Lero, osati mawa. Za furiji zisiyireni ine."

Tsiku lomwelo, pa Songwe

Ndinamupeza akusoka suti ya mkwati wina, wailesi ikuimba nyimbo za kwawo, mapini ali kukamwa. Panja magalimoto anali pamzere kudikira mapepala. Ndinamupempha kuti azimitse wailesi ndi kutseka chitseko. Anandiyang'ana n'kulavulira mapini m'dzanja.

"Kaka, wamwalira ndani?"

"Palibe, Papa. Ndabwera kuti pasamwalire munthu."

Ndinamuuza zonse mosazungulira, chifukwa ndikanayamba kuzungulira ndikanathawa. Ndinamuuza za kachilombo, za chiwindi, za mapiritsi a miyezi itatu, ngakhalenso za bodza la masamba limene tinkauza ena. Ankangogwedeza mutu, ndipo pa nkhani ya matendayo sanaoneke wamantha. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Ndiye anthu anga aja? Mtsikana wa Burundi, mnyamata wa Itiyopiya? Ndinawapatsa matenda?"

"Ayi. Palibe amene analandira magazi anu."

"Palibe?"

"Ngakhale mmodzi. Ankalandira a m'furiji. Anu ndinkatentha."

Anakhala pansi pa mpando wa makasitomala. Munthu wa phokoso uja, amene ankamveka kutsidya kwa mlatho wa pamalire akaseka, anatsitsa mawu. Anafunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinati tsiku loyamba. Anawerenga zaka ndi zala zake, ndipo chala chilichonse chinkandilasa.

"Mankhwala kunalibe, Papa," ndinatero. "Ndinaona kuti ndingokuvutitsani mtima pachabe."

"Sawa. Mankhwala kunalibe. Koma mowa unalipo, kaka. Iwe ukudziwa chiwindi changa chikudwala, iwe ukuitana botolo lina. Ukanati, Ilunga siya, ine ndikanasiya. Ine ndinasiya dziko langa, ndikanalephera botolo?"

Ana anga, m'moyo wanga ndatukwanidwapo ndi madokotala, ndi magadiyani, ndi apongozi anga omwe, koma sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Ndinalira, bambo wamkulu, pakati pa nsalu za anthu.

Iye anayang'ana kukhoma n'kuyamba kufotokoza chinthu chimene anali asanandiuzepo. Ali mnyamata, pothawa, lole imene anakwera inagubuduzika chakufupi ndi Kigoma. Anadzidzimuka ali pakachipatala ka m'mudzi, msodzi wina wosamudziwa atagona pabedi loyandikana nalo, akumupatsa magazi. Kunalibe zoyeza. Msodziyo anachoka osanena dzina. "Ndiye ine ndinati, damu iyi si yanga, ndiyenera kupatsa ena." Anatembenuka. "Kaka, kachilombo kanachokera kwa iye?" Ndinati mwina, mwinanso jakisoni wina wa m'misasa imene anadutsamo, palibe angadziwe. Anati, "Ngati ndi iye, sindikwiya. Anandipatsa zaka makumi atatu. Iye sankadziwa. Iwe unkadziwa." Anayatsa wailesi, ndipo ndinazindikira kuti ndauzidwa kuti ndizipita.

Masabata awiri sanandiyankhule. Ndinatumiza kalata yomutumizira kuchipatala chachikulu kudzera mwa wakabaza, sindinamve yankho. Ndinayamba kuopa kuti wapakira makina n'kunyamuka. Ndiye Lachitatu lina m'mawa ndinamva phokoso pageti ngati kwabwera ukwati. Mlonda anathamangira ku labu. "A Labu, tulukani, anthu anu!"

Panja panali Papa Ilunga, kumbuyo kwake chigulu: onyamula katundu pamlatho, akabaza, amayi ogulitsa zitenje, ometa tsitsi awiri a ku Burundi, ndi oyendetsa magalimoto amene mapepala awo anali asanatuluke. Ena anawanyengerera, ena anawaopseza kuti sawamalizira zovala za Khirisimasi.

"Achibale anga," anatero, osandipatsa moni. "Yeza onse. Wa damu yabwino apereke. Wa damu ngati yanga umuuze. Ukanena za masamba, ndikumva."

Tinagwira ntchito mpaka tizipangizo tinatha, ndipo otsala anabweranso mwezi wotsatira. Furiji inadzaza koyamba chifikire ine. Matironi anaima pakhomo manja ali m'chiuno, akungoti, "Yewo, yewo, Chiuta wane," kenako analengeza kuti kuyambira tsiku limenelo mlendo wopanda m'bale azilandira magazi popanda mafunso. Kiyi sanamuvule m'khosi, musaganize kuti anasintha kwambiri.

Koma panalinso mbali yowawa. Pa gulu lija anapezeka angapo a mizere iwiri, ndipo pafupifupi onse anali anthu a maulendo ataliatali. Ndinawaitana mmodzimmodzi, chitseko chotseka, n'kuwauza zoona. Kunena koyamba lilime linkalemera, kachitatu linazolowera. Kachipangizo kathu kankangosonyeza kuti munthu anakumanapo ndi kachilomboka. Kuti tidziwe ngati kakadalimo, magazi ankayenera kupita ku labu yaikulu kutali, ndipo zotsatira zinkatenga masabata. Pamene zinkabwera, woyendetsa galimoto mmodzi anali ku Lubumbashi, wometa mmodzi anali atalowera kumwera, foni yake yosagwira. Mapepala awo ndinawasunga m'kabati mpaka tsiku limene ndinapuma, ndipo eni ake sanabwere. Mpaka lero ndikamva galimoto yaikulu ikudutsa pamsewu ndimawaganizira.

Chaka chimene ndinapuma ntchito

Papa Ilunga anaimitsa ulendo wake. Zotsatira zinasonyeza kuti kachilombo kanalimo, ndipo dokotala wa kuchipatala chachikulu atamuunika anati chiwindi chayamba kale zipsera, koma sichinafike poipa. Mapiritsi anachedwa miyezi iwiri, mwa masiku onse, kenako anafika. Ankamwa limodzi m'mawa uliwonse, ndipo kuti asaiwale anasokerera kathumba pa tepi yake ya m'khosi. Mowa anasiya tsiku lomwe ndinamuuza lija. Ine ndinasiya naye, chifukwa ndikanaumwa ndi nkhope iti? Tinabwerera pansi pa mango paja, tikumwa tiyi wa tangawizi ngati madikoni. Ankandiseka, ankandinena kuti ndine dokotala wa masamba, ankafunsa za inu nonse. Tinagwirizananso ndithu. Koma ndinaona kuti ndikamuuza kanthu, ngakhale kuti basi yanyamuka kale, ankayang'ana kaye kumsewu.

Atamaliza mapiritsi panafunika kudikira miyezi ina itatu, kenako kuyezanso komaliza kuti tione ngati kachilombo katheratu. Anadikira. M'mawa umene ndinamutenga magazi omalizawo, makina ake anali atamangidwa kale m'katoni pamwamba pa minibasi. Mng'ono wake anali atatopa kudikira. Ndinalemba nambala ya mng'ono wakeyo m'malo atatu, pakhoma la labu pomwe, chifukwa ndinalumbira kuti pepala ili lokha silikhala m'kabati.

Zotsatira zinafika kutatsala sabata imodzi kuti ndipume. Ndinatsegula envelopu nditaimirira, ndipo nditawerenga ndinakuwa mpaka namwino wina anagwetsa thireyi. Kachilombo sikanapezeke. Ndinaimba foni pomwepo. Inalira nthawi yaitali, kenako mawu a mwamuna wina, kenako phokoso la makina osokera, kenako iye.

"Kaka! Karonga kukutentha?"

"Papa, zabwera. Mwachira. Kachilombo kulibe, katheratu!"

Ndinkayembekeza kuti akuwa.

"Kaka," anatero pang'onopang'ono, "Mama wa kiyi ali pafupi?"

"Ali ku ofesi. Bwanji?"

"Mupatse foni. Awerenge iye."

Ndinafuna kukwiya, mukundidziwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ine ndakhala pa ntchito imeneyi zaka zoposa makumi atatu, pepala ndimalidziwa kuwerenga. Koma ndinatseka. Ndinayenda khonde lonse foni ili m'dzanja limodzi, pepala m'dzanja lina, odwala akundiyang'ana. Matironi anavala magalasi, anawerenga dzina, anawerenga tsiku, anawerenga mzere wa zotsatira kawiri, m'Chichewa ndi m'Chiswahili chawo chothyokathyoka. Pamenepo m'foni munaphulika chiphokoso, amuna kukuwa, mayi wina kululutira, wina kumenya chitini. Matironi anachotsa foni kukhutu, akuseka, misozi ili m'masaya.

Anandibwezera foni. Papa Ilunga anali wefuwefu.

"Kaka, usakwiye. Nkhani yoipa ndikhulupirira iwe, unandiuza bwino. Koma nkhani yabwino kuchokera kwa iwe, ndiyenera kufunsa kaye."

Ndinati, "Mwachita bwino, Papa." Ndipo ndinkanena zoona.